Makalata a Mumzere Wathu ndi Jekete la Bambo

Ine sukulu ndinalekera fomu wani, ndipo sindinama kuti chinavuta ndi fizi. Ndinagenda mphunzitsi ndi dasitala. Anali atanditchula mubhurandaya pamaso pa kalasi yonse, dzina limene anzathu a Chishona ankatinyoza nalo ife a makolo ochokera ku Malawi, ngati kuti tonse tinabadwira pa siteshoni ya Blantyre. Dasitala inamupeza pamphumi. Tsiku lomwelo ndinabwerera kunyumba mabuku ali m'manja. Ntchito yanga yoyamba, ya kufakitale ya ku Southerton kumene bambo ankagwira, inatha isanakwane miyezi iwiri. Kapitawo anandikankha, ine ndinabwezera. Bambo anapita okha kukapepesa, chipewa chili m'manja, kwa munthu wa msinkhu wa mwana wawo. Atabwerako sanandikalipire. Anangokhala pakhonde n'kumapukuta nsapato zomwe anali atapukuta kale.

Amene anandiwombola ndi abusa a mpingo wathu. Anandipezera malo pa kasukulu ka zaumisiri kamene mpingo unkayendetsa kuseri kwa galaja, ndipo kumeneko ndinapeza chinthu chimodzi chomwe sichinkandipsetsa mtima: injini ya dizilo. Injini siitana munthu mayina. Ikakana kulira imakhala ndi chifukwa, ndipo chifukwacho ukachifufuza umachipeza. Chaka chachiwiri aphunzitsi athu analandira uthenga woti mipingo ya ku Holland ikufuna ophunzira awiri akagwire ntchito miyezi isanu ndi inayi m'galaja yaikulu ya mathirakitala, akuphunzira. Anasankha ine ndi mnzanga wina. Mnzangayo anagwa pa pasipoti, chifukwa masiku amenewo pasipoti ya Rhodesia mayiko ambiri sankaiyang'ana n'komwe. Ine ndinapeza ya Malawi kudzera mwa bambo. Ubhurandaya womwe ndinagendera mphunzitsi uja ndi umene unanditsegulira njira.

Abusa anandiitana mu ofesi mwawo n'kuyala tikiti patebulo. Kuchoka ku Salisbury kunalibe ndege yolunjika ku Ulaya, ndiye ndinayenera kukwera yaing'ono mpaka ku Chileka, kudikira maola angapo, kenako kukwera yaikulu.

"Tamvetsera, mwana wanga," anatero. "Ukaphonya yoyambayi, yachiwiri waphonyanso, ndipo akunjawo anena poyera kuti malo apereka kwa wina. Pabwalo la ndege pali anthu amene ntchito yawo ndi kukuputa. Akakutukwana, iwe uziti zikomo."

"Nanga akandimenya?"

"Uziti zikomo kwambiri."

Nkhondo inali itayamba kuyaka kumpoto cha kum'mawa. Mumzere wathu wa nyumba ku Glen Norah anyamata awiri anali atasowa, ndipo aliyense ankadziwa kumene apita ngakhale palibe ankanena. Mnyamata wakuda wofuna kutuluka m'dziko ankayang'anidwa ndi diso lina.

Koma chimene chinatsala pang'ono kundigwetsa si nkhondo ayi. Ndi mwambo wa anthu akwathu. Kwa ife munthu wopita kumudzi sapita chimanjamanja, amanyamula makalata a anzake. Positi inalipo, sitampa sinali yodula, koma akuluakulu ankati kalata ya pa positi ndi pepala chabe, pamene ya pamanja imafika ndi maso amene anakuona. Mawu atamveka kutchalitchi kuti mwana wa uje akudutsa ku Malawi, sabata yonse pakhomo pathu panali ngati pa chipatala. Ena anachokera ku Highfield, ena ku Mufakose, bambo wina wokonza dimba kwa azungu ku Lochinvar anabwera pa njinga.

"Amayi, inetu sindikupita kumudzi," ndinauza mayi wa nyumba yoyandikana nafe. "Ndikungotsika pa Chileka n'kukwera ina."

"Kodi Chilekayo ali ku Joni?"

"Ali ku Malawi, koma..."

"Basi, landira. Ndi ya achemwali anga ku Dedza."

Ndinayamba kukweza mawu. Bambo, amene anali pakhonde, anangoti, "Wopita kumudzi sakana kalata." Nkhani inathera pomwepo. Iwo anali atalembera kale mng'ono wawo, bambo anga aang'ono amene ndinali ndisanawaonepo, kuti akandichingamire ku Chileka ndi kulandira mtolo wonsewo. Makalata anakwana makumi atatu ndi mphambu. Amayi anawamanga ndi kansalu n'kuwaika pansi pa sutukesi. Yomaliza inali ya bambo eniake, yomata ndi phala, ndipo anailowetsa okha pakati pa mtolo.

M'mawa wa ulendo bambo ananditulutsira jekete lawo lakuda la pa Sabata, limene ankavala pogawa mgonero. Linali lalikulu m'mapewa, manja ake ankafika pa zala. Tsitsi anali atandimetetsa dzulo lake mpaka mutu kuwala, poti anamva kuti ku Malawi mwamuna wa tsitsi lalitali amametedwa pabwalo la ndege pomwepo. Ndinadziyang'ana pa kalilole ndipo ndinaoneka ngati mkulu wa mpingo amene wachira kumene.

Abusa anatinyamula pa galimoto ya mpingo. Pabwalo la ndege amayi analira, bambo anandigwira dzanja kamodzi n'kulisiya, ndipo onse anatsala kunja.

Poyeza katundu panalibe vuto. Vuto linayamba pa tebulo la mapasipoti. Mzungu wa kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo anatembenuza pasipoti yanga kawiri, n'kukodola wapolisi wakuda wosavala yunifomu amene anaima pafupi ndi khomo. Wapolisiyo anabweretsa sutukesi yanga n'kundilowetsa m'kachipinda kopanda zenera. Munali tebulo, mipando iwiri, wotchi pakhoma, ndi mbale yagalasi yotayiramo phulusa la fodya, yochindikala ngati pisitoni ya injini.

Wapolisi anakhuthula zonse. Masipanala anga awiri, malaya, Baibulo, mtedza wokazinga wa amayi. Atafika pa mtolo uja anaumasula, makalata n'kumwazika patebulo ponse.

"Hezvo!" anatero m'Chishona. "Achimwene, mwatsegula positi ofesi?"

Mzungu uja nkhope inasintha. Anafunsa m'Chingerezi kuti makalatawa ndi a yani. Ndinati ndi a anthu a mumzere wathu. Akupita kwa yani? Kwa abale awo. Alembamo chiyani? Ndinati sindikudziwa, ndipo zinali zoona. Apa ndinakumbukira kuti imodzi inali ya mayi wa mmodzi wa anyamata osowa aja.

"Ndiye iwe ukutuluka m'dziko nthawi ya nkhondo ndi makalata omata a anthu makumi atatu, osadziwa zili m'kati," anatero mzunguyo. "Umadziwa amene amachita zimenezi?"

Ndinati zikomo. Linali yankho lopusa, koma ndi lokhalo limene ndinali nalo.

Anang'amba envulopu yoyamba n'kupatsa wapolisi kuti awerenge. Wapolisi anayesa mizere iwiri, lilime n'kumapunthwa. Chinyanja cha mumsewu ankachimva, monga aliyense wokulira m'malokeshoni, koma zolemba za akuluakulu akwathu zinamukanika. Ndinati ndiwerenge ine. Mzungu anaseka, akuti mbuzi siilondera chimanga. Anatuma wapolisi kuti akaitane "Nyasa uja wokolopa".

Analowa bambo wachikulire wovala ovolosi yotuwa, manja ali onyowa. Anandiyang'ana kamodzi, kuyambira kumutu wometa mpaka ku jekete. Anapukuta manja pa ovolosi, anatulutsa magalasi omangidwa ndi waya, n'kuyamba. Ankawerenga mokweza m'Chichewa, chala chikuyenda pansi pa mawu, kenako n'kuuza mzungu mwachidule m'Chingerezi chake cha kukhitchini.

Yoyamba inali ya mayi wofunsa ngati mtengo wa mango wa pamanda a amayi ake ukadalipo. Yachiwiri inali yolengeza maliro amene anachitika kale mvula isanagwe. Yachitatu bambo wina ankapempha mbewu ya nandolo, akuti wa kuno sakoma. Yachinayi inali ya wa njinga uja, kuuza mkazi wake wa kumudzi kuti abwera chaka chamawa.

"Mtchona uyu," anatero wokolopa uja osakweza maso. "Chaka chamawacho chinayamba ine ndili ndi mano onse."

"Akuti chiyani?" anafunsa mzungu.

"Akuti abwera kunyumba, bwana."

Ine maso anali pa wotchi. Bambo aja sankafulumira. Kalata iliyonse inkayamba ndi moni wa mudzi wonse, ndipo iwo sankadumpha ngakhale dzina limodzi. Kalata ya mayi wa mnyamata wosowa itafika ndinaizindikira ndi envulopu yake yobiriwira. Munali za miyendo yotupa ndi za mvula, ndipo kumapeto anangoti ana onse ali m'manja mwa Mulungu. Wokolopa anati, "Matenda a miyendo, bwana," n'kuiika pambali.

Panja chimkuzamawu chinaitana okwera ndege ya ku Blantyre.

Mzungu anali atatopa, koma wapolisi ankafuna kuonetsa ntchito. Anandiuza kuti ndivule jekete. Analipapasa, analinunkhiza, n'kunena kuti anthu ngati ife timasokera zinthu m'kati. Anatulutsa lezala m'thumba. Ndinamva nsalu ikulira, kuyambira pa khosi mpaka pansi. Munalibe kanthu. Anaponya jekete pansi pamene panali ponyowa ndi mapazi a wokolopa.

"Tola, mubhurandaya. Kapena munalitola pa maliro a mzungu?"

Sindikumbukira kusuntha dzanja. Ndimangokumbukira kuzizira kwa mbale yagalasi ija m'chikhatho mwanga, ndi mtsempha umene unkagunda pambali pa diso la wapolisiyo. M'makutu munali kulira ngati injini yothamangitsidwa yopanda katundu. Holland, abusa, tikiti, zonse zinali zitachoka m'mutu. Ndinkangoyeza mtunda.

"Iyi ndi yaitali," anatero wokolopa uja, mawu atakwera kuposa kale. Anali atayang'ana dzina la wolemba kumbuyo kwa envulopu yomata ndi phala, n'kuyang'ananso pasipoti yanga patebulo. "Tamverani bwino, nonse."

Ndipo anawerenga, pang'onopang'ono, maso ake akubwera kwa ine pa mzere uliwonse.

"Mphwanga, amene wakupatsa kalatayi ndi mwana wanga woyamba. Usadabwe ndi nkhope yake, sanakwiye nawe, anabadwa choncho. Ali ndi mtima wa malemu bambo athu, wapachala. Wandichititsa manyazi kusukulu, wandichititsa manyazi kuntchito, ndipo ndagwada pamaso pa ana chifukwa cha iye. Koma manja akewo akagwira injini yakufa, imadzuka. Ine zaka zonsezi ndanyamula matumba, sindinadzutsepo kanthu. Sindinamuuze zimenezi chifukwa angatukumuke. Ndamuveka jekete langa kuti akafuna kukweza dzanja akumbukire kuti dzanjalo lili m'malaya a mwini. Akafika kwa iwe, ndiye kuti wadutsa pabwalo la ndege osamenya munthu. Umuphere tambala. Akapanda kufika, nayonso kalatayi sifika, ndiye palibe chimene wataya."

Bambo anga, amene mawu awo a sabata yathunthu akanakwana pa chikuto cha machesi, anali atalankhula zonsezo pakamwa pa munthu wachilendo, pamaso pa apolisi. Ndinachita manyazi, ndinapsa mtima ndi iwonso. Zala zinamasuka zokha. Ndinakankhira mbale ija kwa mzungu ngati ndimamusendezera kuti atayiremo phulusa, n'kuwerama kutola jekete.

"Akuti chiyani?" anafunsa mzungu.

"Akuti mwana akupita kusukulu, bwana. Ndiponso za nkhuku."

"Zonse zija?"

"Anthu akwathu moni amatalika, bwana."

Mzungu anayang'ana wapolisi kuti atsimikize. Wapolisiyo anali atamva zokwanira, ndikudziwa, chifukwa maso ake anapita pa dzanja langa, kenako pa mbale. Kenako anavomereza m'Chishona, "Ndizvo, changamire. Za nkhuku."

Chimkuzamawu chinaitananso, komaliza. Mzungu anayang'ana makalata otsala, anayang'ana wotchi, anatukwana anthu onse a ku Nyasaland ndi nkhuku zawo, n'kudinda pasipoti. Ndinakokolera zonse m'sutukesi mosapinda. Wapolisi anaitsindira ndi bondo kuti itsekeke, osandiyang'ana. "Mhanya, achimwene," anatero, kutanthauza kuti ndithamange.

Pakhomo wokolopa uja anandigwira mkono. "Mwana wanga, ine ndilibe nthawi yolemba. Ukapeza aliyense wa ku Thyolo, ukamuuze kuti wokolopa wa pabwalo la ndege la ku Salisbury akadali moyo."

"Ndikanena, bambo. Palinso china?"

Anaseka ndi mano ake ochepawo. "Ukati ndibwera chaka chamawa."

Ndinathamanga pa phula sutukesi ili pamutu, nsalu ya m'kati mwa jekete ikuuluka kumbuyo ngati mchira. Ndinali womaliza kukwera. Azungu onse anatembenuka. Mayi wothandiza m'ndege, mzungu, ananditengera sutukesi n'kunditchula "sir". Ndinamuyang'anitsitsa, ndikuganiza kuti wayamba chipongwe nayenso, koma anapita pa mpando wotsatira n'kunenanso chimodzimodzi kwa nkhalamba ya chipewa. Lamba anandikanika. Ine wodzutsa injini zakufa, kachitsulo kakang'ono kanandigonjetsa, mpaka gogo wachizungu amene ndinakhala naye anandimangira ngati khanda, akulankhula za mdzukulu wake.

Injini zitayamba, mantha amene ndinkayembekezera sanabwere. Ndinatseka maso n'kumamvetsera. Ya kumanja inali yosalala, ya kumanzere inali ndi kachifuwa pang'ono, koma kosadetsa nkhawa. Ndege inathamanga, mpando unandikankha kumsana, ndipo phokoso la matayala linangoduka. Nditatsegula maso, madenga a malokeshoni anali pansi, mizeremizere, onse ofanana. Ndinafunafuna mzere wathu koma sindinaupeze. Ndinaseka ndekha, misozi ikutuluka, gogo uja n'kundipatsa switi, akuti ndi makutu, aliyense amatero ulendo woyamba. Sindinatsutse. Makutu analidi atatseka, ndipo switi inathandiza.

Anabweretsa tiyi ndi masangweji awiri ang'onoang'ono odulidwa makona. Ndinadya ngati munthu wochoka kundende. Patapita nthawi gogo anandiloza pazenera mtsinje waukulu wofiirira, akuti Zambezi. Chapatali utsi unkakwera m'tchire malo awiri. Mwina anali alenje otentha tchire, mwina ayi. Ndinaganiza za anyamata a mumzere wathu, ndipo ndinasiya kuyang'ana.

Ku Chileka kunali kutentha, mapiri ali mbali zonse. Wa mapasipoti anandilonjera m'Chichewa, anayang'ana mutu wanga wometa n'kugwedeza mutu movomereza. Kunja, pakati pa anthu odikira, ndinaona bambo anga ataima, koma ocheperako ndi akuda kwambiri. Anali bambo aang'ono. Anabwera ndi akazi awo pa basi kuchokera ku Ntcheu, ndipo anagona kwa abale ku Ndirande. Tinakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda. Ndinapereka makalata, theka ong'ambika, ndikupepesa. Iwo anati palibe kanthu, kalata yotsegula ndi imene yaona dziko.

Yawo anaiwerenga kawiri, milomo ikuyenda. Atamaliza anati, "Tione manja."

Ndinatambasula. Anawatembenuza, anayang'ana mfundo za zala chimodzichimodzi. Panalibe bala.

"Achimwene amayesa Chileka ndi kuseri kwa khola langa," anatero. "Tambala ali ku Ntcheu. Ndimusunga mpaka pobwerera, ngakhale adzakhala wolimba ngati tayala."

Mayi aang'ono anali atazindikira kale nsalu yolendewera ija. Anandivula jekete osafunsa, anasolola singano pa duku lawo, n'kuyamba kusoka pabondo. Ulusi wakuda analibe. Anasoka ndi wofiira umene anali nawo, kuyambira pa khosi mpaka pansi, ine ndikudya chinangwa chophika ndi kuwafotokozera za Glen Norah, za amayi, za ndani wamwalira ndi ndani wakwatira. Ndisanalowe ndinazungulira pakati pa onyamula katundu mpaka ndinapeza wa ku Thyolo, n'kumupatsa uthenga wa wokolopa. Sankamudziwa, koma anati akanena kutchalitchi.

Ndege yachiwiri inali yaikulu ngati fakitale, ndipo lamba ndinamanga ndekha. Za ku Holland, kuzizira kwake ndi mathirakitala ake, ndi nkhani ina. Sindinganene kuti mtima wanga unasinthiratu. Kumeneko ndinaponyako sipanala kamodzi, koma pakhoma.

Nditabwerera ku Glen Norah ndinapeza bambo pakhonde. Ndinawapatsa setifiketi, anaiyang'ana pang'ono n'kupatsira amayi. Kenako ndinawabwezera jekete. Analitembenuza m'kati, anatsata ulusi wofiira uja ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Anang'amba ndani?"

"Wapolisi wa pabwalo la ndege."

"Unamutani?"

"Palibe, bambo."

Za kalata sindinawauze kuti ndinaimva, ndipo mpaka lero sakudziwa. Amayi anati asomole ulusiwo asokenso ndi wakuda. Bambo anati ulekeni, uli m'kati, saona munthu. Sabata lotsatira anagawa mgonero atavala lomwelo.